Nyemba za Ludzu

Mtsikana wofufuza za zomera anasiya mayi ake m'nyumba yagalasi yolimamo mbewu ya kuntchito kwake, iye n'kuthamangira kumsonkhano. Pobwerako anapeza nyemba zake, zimene anazimana madzi kwa masabata atatu, zili biriwiri.

"Amayi! Mwathirira?"

"Ine? Ndimatha kuwerenga, mwanawe. Palembedwa kuti osathirira."

Wofufuza anagwira pamtima. "Nanga zabiriwira bwanji?"

"Yamba wayankha iweyo. Zinakulakwira chiyani nyemba?"

"Palibe. Ndikufuna kuona zimene chilala chimachita m'kati mwa tsamba."

"Chimafotetsa. Ndakuuza ulere. Tiye kunyumba."

"Ayi, m'kati mwenimweni! M'tsamba muli timatumba tosanjikizana ngati mbale. Pa tizikopa take topyapyala m'pamene chomera chimakola kuwala kwa dzuwa n'kupanga chakudya."

"Khitchini?"

"Tingotero. Madzi akasowa, tizikopato timang'aluka, mbale zija n'kumwazikana. Dzuwa lomwelo limayamba kuwotcha m'malo mophika."

Mayi anaomba m'manja kamodzi. "Ha! Zonsezi ukuzidziwa, koma n'kumawotchabe dala khitchini ya eni ake? Ndinakulera choncho ine?"

"Ndiyenera kuyeza, Amayi! Lachisanu kukubwera akuluakulu. Akapanda kuona zotsatira, ntchito yandithera."

"Nanga akapeza zofota? Adzafunsa kuti mwana ameneyu mayi ake ndani!"

Wofufuza anathothola tsamba limodzi, n'kulitembenuza kawiri. "Dikirani kaye. Izitu si nyemba zanga."

"Zako zinali zochititsa manyazi. Ndazula, ndawokamo za kuseri kwa mpanda uko."

"Mwazula? Mayo ine! Zili kuti?"

"Usakuwe, uli pa ntchito."

"Amayi, zili kuti?"

Mayi anayamba kukonza mpango wawo umene unali kale bwinobwino. "Mbuzi ya alonda imandiyang'ana momvetsa chisoni."

Wofufuza anangoti khu, kukhala pa thumba la manyowa. "Masabata atatu onse, m'mimba mwa mbuzi!"

"Yadyatu monyinyirika. Nayo yamva kuti n'zopserera."

"Ndikayeza chiyani tsopano? Ndikawauza chiyani anthu aja?"

Mayi anamusisita pamsana. "Usalire, mwanawe, mayi ako sindine wopusa. Nyamula makina ako, mbuziyo ndaimangirira padzuwa. Chidyereni sindinaipatse madzi ngakhale dontho. Kafukufuku wako akupitirira m'katimo."