Thirakitala Yokana Kuima

Pamzere wa makombi, maminibasi opita ku Metsimotlhabe, m'dziko la eni muno, bambo wachikulire anayamba kucheza ndi munthu wovala ovolosi. Ine ndinangoyang'ana pansi ngati sindimva Chichewa.

"Achimwene, nkhope yakugwayi, kwagwanji?"

"Ntchito mwina itha lero, madala. Dzulo abwana anandipatsa thirakitala yakalekale, kumbuyo atamangirira rotaveta, makasu ozungulira aja. Nditafika kumapeto kwa munda ndinaponda kilachi, koma siinaime."

"Dothi linali louma?"

"Gwa, ngati simenti."

"Vuto ndi limenelo. Kuno si ku Thyolo. Pouma makasuwo salowa pansi, amangothamanga pamwamba n'kumakukankhani. Kawauzeni abwanawo, muthire kaye madzi, mulime mawa. Thanki ya madzi ali nayo?"

"Anali nayo, madala. Ndi imene inaimitsa thirakitalayo."