Chikopa cha Pampu pa Mzele wa Saladi

Pa mzele wogula saladi, mafuta ophikila, kusitolo ya pa boma ku Lundazi, chaka cha 1987, mayi wina wa ku Mphamba anayamba kufunsa bambo amene anaima kutsogolo kwake atakwapatila pampu yachitsulo.

"Adada, saladi wakeyo muthila m'chimenecho?"

"Iyayi amama, iyi ndi pampu yotsukila malole kunchito kwathu. Chikopa cha m'kati chinatha, madzi akungodontha. Sipeya kulibe, ngakhale ku Chipata."

"Nanga mumachita bwanji?"

"Ndinadula chikopa cha nsapato, n'kuchiviika m'saladi kuti chifewe. Inagwila bwino sabata yonse, matope kumachoka okha. Lolemba ndinapeza makoswe adya chonse."

"Ndiye mwaima pano kugulila makoswe ndiwo?"

"Musaseke amama. A Gavanala akubwela Lachisanu. Malole akapita kukawachingamila ali ndi matope, ine nchito yatha."

"Ife pampu yopopela thonje timapaka mafuta a nsatsi. Khoswe sayandikila, ndipo chikopa chimafika mpaka kukolola."

"Nsatsi zomwezi zomela kudzala?"

"Zomwezo. Amayi ogulitsa fodya kuseli kwa msika ali nawo m'timabotolo."

"Ha! Nsapato yakumanzele inapita chabe. Yatsala imodzi, ndipo ndi ya paukwati wanga."

"Kaduleni imeneyo. Fulumilani, amayiwo saweluka mochedwa."

"Koma malo anga pamzele?"

"Malo anu ndatenga ine, adada. Ndawelenga pawindo, mabotolo atsala khumi, ndipo ine ndinali wa khumi ndi chimodzi. Kwanga saladi amadya ndi ana, osati makoswe."