Tsamba Limene Linapulumutsa Esnati

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ine ndinali kalaliki pamgodi ku Kitwe m'zaka za nkhondo yaikulu ija, ndipo lero ndikuuzani za matenda a mwana wanga Esnati.

Amake atatenga pathupi pena anamuletsa kuyamwa. Posakhalitsa miyendo ya Esnati inatupa, tsitsi linafiira, mwana wosewera uja anangoti zii pamphasa. Kukomboni anthu ankati ndi tsempho, akuti ine ndayenda ndi mkazi wina. Ngakhale mkazi wanga anasiya kundiyang'ana kumaso. Ndinali wosalakwa, koma akanandikhulupirira ndani?

Kumishoni ku Mindolo kunali kachipinda ka mabuku. Poti Chingerezi ndinkachidziwa, ndikaweruka folo koloko ndinkapita kukavundukula mabuku a zachipatala tsamba ndi tsamba. Masiku anayi, osapeza kanthu. Tsiku lachisanu ndinagwetsa mutu pathebulo n'kunena, "Ambuye, maso anga alephera, ndionetseni Inu."

Wosunga mabukuwo anali a Mulenga, mkulu wa Chibemba amene anaduka mwendo pansi pa mgodi. Anabwera ndi ndodo yawo, nandiitana mwaulemu m'Chibemba.

"Mukwai, mukugaula munda wonse pofuna mbatata imodzi. Mukusaka chiyani?"

Nditawafotokozera, anakoka kabati ya makadi m'mene mabuku onse analembedwa potsata nkhani zake. Anandionetsanso mndandanda wa mawu wa kumapeto kwa buku, wokhala ndi manambala a masamba. Tinayang'ana pa kutupa, tinangopeza matenda a akuluakulu.

"Mawu ena akakana, yesani ena. Zinayamba liti?"

"Atasiya bere."

"Tisake pamenepo."

Khadi lake linatilozera ku kabuku kopyapyala ka anamwino. M'menemo munali chithunzi cha mwana wotupa ngati Esnati yemwe, ndipo pansi pake analemba kuti ndi matenda a mwana wodya phala lokhalokha. Ndinakopera tsambalo.

M'mawa mwake tinamutengera Esnati kuchipatala, namwino n'kuvomereza. Tinayamba kumupatsa mkaka, mazira, nsinjiro ndi nsomba yosinja. Patapita masabata angapo kutupa kunaphwa, ndipo tsiku lina analirira chakudya yekha. Madzulo ake amake anandigwadira, nati, "Abambo ake a Esnati, ndinakulakwirani."

Ndithokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu wa mwendo umodzi. Abale anga, mukasaka osapeza, musataye mtima. Pempherani, funsani odziwa, ndipo mubwererenso mawa. Iye sanandisiye ine, inunso sakusiyani.