Adzukulu Akudikira Mwinimbumba

Lachisanu masana

Omvera athu m'boma la Mwanza ndi kutsidya kwa malire, tulani kaye mitolo, yakwana nthawi ya zilengezo zanu. Tiziwerenga monga momwe zatifikira, osawonjezera, osachotsera.

Tiyamba ndi uthenga wa maliro. Mayi Betty Makungwa a m'mudzi mwa Chidokowe, mfumu yaikulu Nthache, akudziwitsa abale ndi abwenzi ku Neno, ku Lirangwe ndi ku Zobue kuti alamu awo, mayi Flossie Makungwa, amwalira dzulo m'mawa pachipatala cha Mwanza atadwala nthawi yochepa. Thupi lafika kale kumudzi. Tsiku loika maliro silinadziwike, chifukwa adzukulu akana kulasa khasu pansi mpaka mwinimbumba ataloza malo pamanda, monga mwa mwambo. Mwinimbumbayo ndi amuna awo a mayi Betty, bambo Stafford Makungwa, mlongo yekhayo wa malemuwa. Bambowa anachoka pakhomo Lachitatu atanyamula Baibulo, mphasa ndi mbale, kupita kumsasa wa abambo a mpingo, ndipo foni yawo sikupezeka. Mayi Betty akuti: "A bambo a Tiyese, kulikonse kumene muli, bwerani. Kunja kuno kwatentha, alamu sangadikire." Chilengezochi chachokera kwa mayi Betty Makungwa, pasiwa ku Chidokowe.

Mpingo wa Chiyanjano cha Abale pa Chidokowe ukudziwitsa amayi onse amene amuna awo ali kumsasa kuti aleke kuunjikana pakhomo pa abusa, popeza abusawo ali kumsasa komweko. Mpingowu ukuti pangano lake ndi Utumiki wa Nsanamira za Banja, wa ku Blantyre, linali lomveka bwino: mpingo upereke abambo, ufa ndi nyemba, utumiki ubweretse aphunzitsi ndi lole, ndipo malo apereke mpingo unzawo wa Kasupe wa Moyo, pamalire. Dzulo mlembi wa mpingo, amene anatsalira kusunga tchalitchi, anapalasa njinga mpaka pamalirepo kukatula uthenga wa maliro. Anapeza zitseko zokhoma, mbuzi zikubzikula pakhonde. Mlembiyu akuti: "Ufa tinapereka poyera, abambo tinawakweza tokha m'lole akuyimba. Amene anawatenga atiuze kumene wawasunga." Chilengezochi chachokera kwa mlembi wa mpingo, bambo Timoti Kaliwo.

Mpingo wa Kasupe wa Moyo pamalire ukudziwitsa onse kuti sunalonjezepo malo a msasa. Chimene unalonjeza ndi nkhuni ndi miphika, ndipo unamva kuti malo apereka anzawo a ku Chidokowe. Abambo ake nawonso anakwera lole yomweyo. Lero m'mawa amayi a mpingowu anasenza ndiwo kupita ku Chidokowe kuti akapatse amuna awo, koma anangofikira pamaliro, nayamba kudzigwetsa pansi asanafunse kuti wamwalira ndani. Ndiwozo azisiya pasiwa. Mayi abusa, amene amva pasiwapo zimene bambo Kaliwo atumiza kuno, akuwapempha kuti polankhula za mpingo wa eni pawailesi aziyamba afunsa. Akuti: "Mbuzi anaziona pakhondezo si za mpingo, ndipo ifenso amuna athu tikuwafuna." Chilengezochi chachokera kwa mayi abusa Thandie Nsomba.

Chotsatirachi chinatifika Lachiwiri, ndipo eni ake anapempha kuti tichiwerenge lero. Utumiki wa Nsanamira za Banja ukuthokoza mipingo iwiri ya ku Mwanza chifukwa cha mgwirizano wachitsanzo. Ukudziwitsa mabanja kuti asadere nkhawa. Monga mwa dongosolo la utumikiwu, mafoni ndi mawailesi a abambo amatsekeredwa m'bokosi mpaka Lamulungu, ndipo abambowo sagona malo amodzi kawiri. Amayenda m'mapiri ngati ana a Israeli m'chipululu, kuti mwamuna alingalire za udindo wake pa mbumba popanda phokoso la pakhomo. Ofesi ya ku Blantyre yatsekedwa, chifukwa antchito onse ali nawo paulendowu. Banja limene lingagwe m'vuto likaonane ndi wapampando wa abambo m'derali, amene akudziwa njira yonse, bambo Stafford Makungwa. Omvera, tawerenga monga mwalembedwera. Chilengezochi chachokera kwa mkulu wa utumikiwu, bambo Kinsley Chiwaula.

Bambo Sungani Bwanali, mlimi wa manachesi kuseri kwa phiri la Kamwendo, akudziwitsa aliyense amene wasowa anthu kuti pamwamba pa munda wawo pafika abambo ambiri achilendo. Sakuba kanthu, koma akuyimba chikhalire, ena akulira atakumbatirana, ndipo ng'ombe za bambo Bwanali zikukana kupita kukamwa madzi. Atawafunsa kumene achokera, m'modzi wovala chipewa anayankha kuti achokera ku Aigupto. Bambo Bwanali akuti: "Ine ndakalamba, koma Aigupto wolankhula Chichewa cha kwa Nthache sindinamuone. Eni ake adzatenge anthu awo." Chilengezochi chachokera kwa bambo Sungani Bwanali.

Loweruka masana

Takulandiraninso, omvera. Lero tili ndi zilengezo ziwiri zokha.

Mipingo ya Chiyanjano cha Abale ndi Kasupe wa Moyo ikuitana akuluakulu a Utumiki wa Nsanamira za Banja kumsonkhano Lolemba, kuti akaunike amene analonjeza chiyani, ndiponso amene anayenera kutsala kumudzi ndi foni yoyaka. Bambo Kaliwo akuti msonkhanowu uchitikira pamalire. Mayi Nsomba akuti uchitikira ku Chidokowe. Onse awiri asayina pepala lomweli. Chilengezochi chachokera kwa mipingo iwiriyi.

Mayi Betty Makungwa akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti atamva chilengezo cha bambo Bwanali dzulo, anakwera kabaza mpaka kuseri kwa Kamwendo, nakwera phirilo wapansi, chitenje cha maliro chili m'chiuno. Pamwamba anapeza phulusa lofunda, mafuwa ndi mapazi olowera mbali ziwiri. Anaima pathanthwe nalira mfuu ya maliro mpaka mawu kusasa, koma sanamve woyankha. Atabwerera kumudzi anapeza akumanda agamula kuti thupi silingagonenso m'nyumba. Mayi Betty ndi mtengwa, alibe pakamwa pa manda a eni. Choncho malo analoza ndi Lucia, mwana wachisamba wa malemuwa, adzukulu atayang'ana kumbali. Mayi Flossie Makungwa aikidwa m'manda lero m'mawa. Tchalitchi sichinatumize mwamuna wina koma bambo Kaliwo okha, amene analalikira, natsogolera nyimbo, nagwiranso bokosi.

Mayi Betty sakuitananso amuna awo, chifukwa adziwa tsopano kuti kumene aliko kulibe wailesi. Pempho lawo likupita kwa a kabaza, ogulitsa makala ndi onse okhala m'mbali mwa msewu wolowera ku Chidokowe. Mawa abambo adzabwera pa lole akuyimba. Amene adzayambe kuiona loleyo aiyimitse pamlatho, isanafike m'mudzi. Atsitse bambo Stafford, awatengere pamthunzi, awakhazike pansi, kenaka awauze. Mayi Betty akuti: "Chonde, asalowe m'mudzi akuyimba. Ana a mlongo wawo ameta kale." Chilengezochi chachokera kwa mayi Betty Makungwa, ku Chidokowe, mfumu yaikulu Nthache.

Zilengezo zathera pamenepa. Mwamva inu, kauzeni amene sanamve.