Mayi Esnat ndi Ana Obisidwa M'nyumba

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1958 m'komboni ya pa pulazi ya fodya kufupi ndi Centenary, kumpoto kwa Harare, kwa makolo ochokera ku Dedza. Ine wowerenga ndine Harvey, mlongo wawo amene ndinakulira kumsana kwawo. Sukulu analekezera Giredi 4, n'kulowa m'shedi kusankha fodya. Inali nthawi yokoma: komboni yodzaza, Loweruka gitala ndi mpira, Chichewa khomo lililonse. Achemwali akaseka m'shedi, ife tinkawamvera ku mabalani.

Mu 1979 anakwatiwa ndi bambo Filipe a ku Tete, nadalitsidwa ndi ana atatu. Wotsiriza, Silence, anabadwa ndi matenda osowa a khungu: akawombedwa ndi dzuwa, thupi lonse mawanga ndi zilonda. Anthu ankati ndi zaufiti, choncho mwanayo anakulira m'nyumba. Anatisiya mu 1996.

Mu 2002 pulazi itasintha mwini, tinabalalika, ena ku Karoi, ena ku Guruve. Kukumana kwathu kunangotsala pamaliro.

Mu 2023 mawanga aja anaonekera pa mdzukulu wawo Talandira. Chaka chomwecho madokotala a ku Harare anayamba kafukufuku wa mankhwala atsopano opaka, ndipo Talandira analembedwa. Koma odwala olembetsa anachepa. Analengeza pa wailesi ndi m'mafoni, m'makomboni munangoti zii, poti kunamveka zoti akufuna kupopa magazi. Madokotala anati odwala akapanda kukwana, kafukufuku atsekedwa.

Apa malemu anayamba ntchito imene ambirinu mukuwadziwa nayo. Maliro alionse, kaya a wachibale kaya ayi, iwo pa lole, ambulera m'manja, Talandira pambali. Mbiri ikangowerengedwa, ankadzuka osaitanidwa. Abusa ena ankachita tsinya, asahwira, abwenzi a banja oseketsa pamaliro, n'kumawaseka kuti akubera malemu anthu. Achemwali sankanama ayi. Ankanena poyera kuti mankhwalawo akuyesedwa kumene, kuti magazi amatengadi koma a m'kabotolo, ndi kuti wosafuna sakakamizidwa. Kenako ankatchula dzina la Silence. Azimayi ankawatsatira kuseri kwa nyumba, n'kuulula ana amene ngakhale oyandikana nawo sankawadziwa.

Mu Januwale chaka chino anagwa ndi sitiroko, ndipo anamwalira pa 3 Malichi kuchipatala ku Karoi. Mtima ukutiwawa kwambiri.

Asiya amuna awo bambo Filipe, ana awiri, Clemence ndi Maidei, ndi adzukulu asanu. Tikuthokoza a mpingo, asahwira, ndi eni lole amene sanawalipiritsepo.

Abale, chiwerengero cha odwala chija sichinakwanebe, ndipo lero palibe wodzuka osaitanidwa. Anamwino Francisca a kafukufuku akhala pafupi ndi lole, Talandira ali nawo pansi pa ambulera ya agogo ake. Amene muli ndi mwana wotere kunyumba, mukawaone tikachoka kumanda. Achemwali, ngakhale maliro anu omwe tawagwiritsa ntchito yanu. Usani mumtendere.