Telala wa Kuseri kwa Katani

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1958, ali mwana wachiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine amene ndaima pano ndine mlongo wawo, womaliza m'banjamo, ndipo mwa ana onsewo ndatsala ndekha. Abale andituma kuti ndiwerenge mbiri ya achemwali angawa. Pepala limene tinalemba dzulo ndi lalifupi, lopanda chilichonse chowawa m'khutu, koma m'mawa uno ndapempha ana a malemu kuti andilole kuwonjezerapo zina, ndipo avomera. Anamalira nonse, mundipirire. Zina mwa zimene ndinene n'zochititsa manyazi, ndipo manyaziwo mwini wake ndine.

Sukulu anayamba m'chaka cha 1965, ndipo pa masamu panalibe wowaposa m'kalasi mwawo. Mu 1972 bambo athu anamwalira. Mayi athu sakanatha kutiphunzitsa tonse, choncho malemu analeka sukulu kuti ife ana aamuna tipitirize. Mabuku awo anandipatsa ine, atawakuta bwinobwino ndi mapepala. Sindinawamvepo akudandaula za nkhaniyi.

Mu 1974 anayamba kuphunzira utelala kwa bambo wina wachikulire amene ankasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo. Bamboyo anali waukali. Chaka choyamba chonse sanawalole kukhala pa makina, ntchito yawo inali kusita ndi kusokerera mabatani basi. Atayamba kusoka, msoko ukangokhota pang'ono ankawauza kuti asomole wonse, ayambirenso. Malemu ankatiuza kuti analira kangapo kuseri kwa sitoloyo, koma sanathawe. Mu 1978 anagula makina awoawo opalasa ndi mapazi. Makina amenewo ndi amene anandiphunzitsa ine sekondale, ndipo thalauza limene ndinavala pokafunsira ntchito yanga yoyamba linatuluka momwemo.

Pa 22 Seputembala 1979 anamanga banja ndi alamu athu, amene anali dalaivala wa basi. Diresi laukwati anasoka okha. Mulungu anawapatsa ana anayi, aamuna awiri ndi aakazi awiri, koma wamkazi woyamba anatisiya ali wakhanda. Alamu anamwalira mu 2003, ndipo kuchokera pamenepo malemu analera ana okha, ndi singano.

Mu 1986 anachoka pakhonde n'kupeza kachipinda pafupi ndi msika, ka chitseko chimodzi ndi zenera limodzi. Ambiri a inu mumakadziwa. Makina anali pansi pa zenera, tebulo lodulira nsalu kumanja, tepi yoyezera m'khosi, choko m'thumba la epuloni. Sankagwiritsa ntchito mapepala a chitsanzo. Ankangomuyang'ana munthu, kumuyeza, kenako sizasi n'kuyamba kuyenda. Amayi amene ankakoka mimba powayeza ankawauza kuti, "Pumani mayi, diresili mudzalivala mukupuma." Ine ankandiseka kuti thalauza langa alikulitsa kambirimbiri moti nsalu yowonjezera yaposa thalauza lenilenilo. M'kachipinda kameneko anaphunzitsa atsikana ambiri, ndipo ena mwa iwo lero ali ndi mashopu awo.

Cha m'ma 2015 zinthu zinayamba kusintha. Poyamba makasitomala ankabwera ndi zithunzi pa foni n'kunena kuti akufuna chonga ichi, ndipo malemu ankachisoka, nthawi zina bwino kuposa chapachithunzicho. Kenako anthu anaphunzira kuitanitsa zovala zosokasoka kale kudzera pa foni pomwepo, n'kumazilandirira pakhomo. Njira yopita ku kachipinda kaja inayamba kumera udzu. Munthu amene anasoka madiresi a maukwati zaka makumi anayi anatsala wokonza mazipi ndi kupinda miyendo ya mathalauza. Komabe tsiku lililonse ankatsegula shopu nthawi yake, kusesa, kuthira mafuta m'makina, n'kukhala pansi kudikira.

Mu 2019 mwana wawo womaliza, wamkazi, anamaliza koleji koma ntchito osaipeza. Iyeyu ndi amene anaganiza zojambula madiresi a mayi ake n'kuwaika pa intaneti. Anatsegula tsamba, ndipo pamwamba pake anaika chithunzi cha malemu ali pa makina, atavala magalasi awo aja omanga ndi ulusi mbali imodzi. Pasanathe miyezi inayi maoda anayamba kubwera kuchokera kumizinda imene malemu sanapondeko. Ndinawapeza tsiku lina akuseka okha, akuti sakumvetsa kuti munthu amene sanamuonepo wawatumizira miyezo ya m'chiuno mwake. Anabwerera mwakale. Ankaimba akusoka.

Apa ndi pamene ndinalowererapo ine. Mu 2020 ndinali nditapuma pa ntchito, nditagwira zaka makumi atatu mu ofesi yoona zotsatsa malonda, ndipo ndinkadziona ngati wodziwa. Ndinaitana mtsikanayu n'kumuuza kuti pa intaneti anthu amayamba agula nkhope, nsalu pambuyo. Ndinati atsikana amakono sangapereke diresi lawo laukwati kwa gogo wa magalasi omanga ndi ulusi. Ndinati chithunzi chija achichotse, aike chake, ndipo azinena kuti wopanga masitayilo komanso wosoka ndi iyeyo. Mwanayu anakana. Anandiuza kuti, "Koma amalume, osoka ndi amayi." Ndinamuyankha kuti zamalonda sazidziwa, amvere akulu. Ndikufuna nonse mumve bwino pamenepa: mwanayu anakana, wokakamiza ndinali ine.

Chaka chomwecho tinasamukira m'chipinda chokulirapo. Kutsogolo tinapaka penti yoyera, tinaika galasi lalikulu, mipando yawofuwofu ndi nyali zojambulira. Pakati tinapachika katani, ndipo makina tinawakankhira kuseri kwake, kumene kunalibe zenera. Malemu tinawauza kuti tachita zimenezi kuti alendo asamawasokoneze. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako ananyamula okha mpando wawo n'kulowa nawo kuseriko. M'makanema amene ambiri a inu munkaonera, mtsikana akudula nsalu mwaluso, ankangotsatira mizere ya choko imene mayi ake anali atalemba kale. Akamaliza kujambula, nsalu ija inkabwerera kuseri kwa katani.

Malonda anayenda, sindikana. Otsatira tsamba lija anachuluka, foni inkalira tsiku lonse, ndipo ine ndinkayenda modzitukumula, kuuza anzanga kuti nzeru zinali zanga.

M'mwezi wa Juni 2022 kunabwera mkwatibwi wina kudzayesa diresi, ali ndi mayi ake. Phewa silinakhale bwino, mtsikana wathu anasowa pogwira, ndiye malemu anatuluka kuseri kuja, mapini ali pakamwa. Mkwatibwi anafunsa kuti agogowa ndi ndani. Ine ndinali pompo, ndipo ndinayankha ndine. Ndinati ndi agogo otithandiza kusokerera mabatani. Malemu anachotsa mapini pakamwa n'kunena kuti, "Inde mwanawe, ndine wa mabatani. Tatembenuka ndikuone phewa." Anakonza phewalo mosachedwa. Koma mayi a mkwatibwi anali akuwayang'anitsitsa. Anafunsa ngati si iwo amene anawasokera diresi laukwati mu 1991, m'kachipinda ka pafupi ndi msika. Achemwali anga anayang'ana mwana wawo, anayang'ana ine, kenako anayankha kuti, "Mwina mwandifanizira ndi munthu wina." Anadzikana okha pofuna kuphimba bodza langa. Mayiwo ndawaona, ali pakati panu lero. Mayi, simunalakwitse. Anali iwo.

Mu 2023 mtsikana wathu anaitanidwa ku msonkhano wa achinyamata ochita malonda pa intaneti, ndipo anapatsidwa chikho cha wosoka waluso. Ine ndinamuperekeza, nditavala suti yosoka malemu. Iwo anatsala kushopu chifukwa panali madiresi ofunika mawa lake. Mwambowo anaonera pa foni ya mayi wogulitsa ulusi wa chipinda choyandikana. Titabwerera ndinkaopa zimene malemu anganene. Anagwira chikho chija, kuchitembenuza, kuchibweza. Chimene anafunsa n'chakuti kodi mpendero wa diresi limene mwana wawo anavala sunakwere kumbuyo pokwera masitepe.

Kumayambiriro kwa 2024 anayamba kudandaula mutu, mapazi kutupa, ndiponso maso kuchita chifunga moti ulusi ankaulowetsa pa singano mongopapasa. Koma maoda a pa foni sadziwa kudwala. Diresi likachedwa tsiku limodzi, mwini wake ankaopseza kuti alemba zoipa pa tsamba kuti dziko lonse liwerenge, ndipo ife ndemanga za anthu osawadziwa tinkaziopa kuposa mutu wa mayi wathu. Katatu konse mwana wawo anakonza zopita nawo kuchipatala, ndipo katatu konse ine ndinati tidikire nyengo ya maukwati idutse. Matelala owathandiza tikanatha kulemba kalekale, koma ndinkaopa kuti akaulula amene amasoka. Malemu ankangomwa mapilitsi a mutu n'kubwerera pa makina.

Pa 11 Novembala 2024, cha m'ma 10 koloko m'mawa, anagwa pampando ali mkati mosoka. Kutsogolo kunali kujambulidwa kanema, nyimbo ikulira, moti panapita nthawi tisanazindikire kuti makina asiya kumveka. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo adokotala anatifunsa kuti munthuyu tinali naye kuti nthawi yonseyi. Malemu anagonekedwa milungu itatu. Anatuluka dzanja lamanja litafa, kulankhula kukuvuta.

Pamenepo ndi pamene tinalemba matelala awiri, anthu odziwa ntchito ndithu, koma madiresi anayamba kubwezedwa. Pa tsamba anthu ankalemba kuti mtsikanayu watchuka ndiye watayirira, luso lamuthawa. Iye ankawerenga n'kumalira. Anandipempha kuti tinene zoona, ine ndinati tidikire kaye, mwina amayi achira. Mu Malichi chaka chino sanandifunsenso. Anabwezeretsa chithunzi chija cha magalasi omanga ndi ulusi, n'kulemba pansi pake kuti chovala chilichonse chimene chinaonekapo pa tsambalo chinasokedwa ndi mayi ake, ndipo iye sanasokepo ngakhale chimodzi. Ena anamutukwana, ena anachoka. Koma makasitomala akale anayamba kutumiza zithunzi za madiresi a zaka makumi awiri, makumi atatu zapitazo, akuti mpaka lero msoko sunasomoke. Mwanayu ankakhala m'mbali mwa bedi kuwawerengera mayi ake mauthengawo limodzilimodzi, iwo n'kumakumbukira mtundu wa nsalu ya aliyense.

Ine ndinatha milungu iwiri osaponda kwa malemu, manyazi atandigwira. Tsiku limene ndinapita ndinaima pakhomo la chipinda chawo, chipewa m'manja, n'kuwauza kuti ndinawalakwira. Anavutika kutulutsa mawu, koma ndinawamva bwino. Anati, "Achimwene, mwachedwa. Khalani pansi." Ndinakhala, ndipo anandigwira ndi dzanja lawo lamanzere mpaka anagona. Mawu akuti ndakukhululukirani sindinawamve, ndipo sindinganame pamaso pa bokosi lawo kuti ndinawamva.

Pa 28 Juni matenda anakula ndipo tinathamangira nawo kuchipatala. Anamwalira pa 2 Julayi 2025, nthawi ya 3 koloko masana, ana awo onse atatu ali pambali pawo. Atisiya ali ndi zaka 67.

Malemu asiya ana atatu, aamuna awiri ndi wamkazi mmodzi, apongozi awiri, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mlongo mmodzi, amene ndi ine.

M'malo mwa banja, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa pamene ife tinali titachedwa kale. Ndikuthokoza atsogoleri a mpingo ndi amayi amene akhala nafe masiku onsewa, anansi amene atsegula nyumba zawo kulandira alendo, okumba manda, ndi onse amene athandiza galimoto. Ndikuthokoza mayi wogulitsa ulusi, amene ankapita masana aliwonse kukawatembenuza malemu pabedi popanda womutuma. Ndikuthokozanso matelala amene anaphunzira m'manja mwawo, amene asoka chovala chimene agona nachochi.

Ndikuona ena mwanyamula mafoni mukujambula. Masiku ena ndikanakupemphani kuti muwatsitse, koma lero jambulani, ndipo mukatumiza musadule mbali yonena za ine.

Chidziwitso chomaliza ndi ichi. Kushopu kwatsala zovala zisanu zimene malemu anadula koma sanamalize kusoka. Eni ake anakana kuti munthu wina azigwire, anati adikira mpaka amayi adzachire. Tikuwapempha kuti maliro akatha abwere adzatenge nsalu zawo. M'banja mwathu mulibe amene angathe kuzimaliza.

Achemwali, mwagwira ntchito zaka makumi asanu, tsopano pumulani. Mzimu wanu uuse mu mtendere.