Ndodo ya Giya ya Mnzake wa Merv

Ku kalabu yathu ya magalimoto odzimangira ku Toowoomba kuli lamulo lakuti wobwera ndi galimoto ya otomatiki amavala epuloni ya pinki n'kuwotchera anzake masoseji tsiku lonse. Anayambitsa lamuloli, n'kugulanso epuloniyo, ndi Merv Pascoe. Tsono Merv yemweyo, atatha zaka khumi ndi chimodzi akumanga galimoto yotsanzira zampikisano za m'ma 1960, bondo lakumanzere linamukanira kuponda kilachi, ndipo mwakachetechete anaikamo giyabokosi ya otomatiki. Galimotoyo inkafunika kuonekera koyamba Lamlungu, ndiye Lachinayi analowa m'sitolo ya zida kukafuna ndodo ya giya yomubisira manyazi. Ine ndinali kuseri kwa shelefu ya mafuta. Pa kauntala panali Narelle, mayi amene ukamufunsa ngati akudziwa nthawi amangoti "ee" n'kupitiriza ntchito yake.

"Ndikufuna ndodo ya giya," anatero Merv. "Yachitsulo chonyezimira, yopendekera kutsogolo, kamutu kolemba wani mpaka folo. Ngati ya 1965."

"Giyabokosi yake ndi yotani?"

"Yabwino."

Narelle anayang'ana pakompyuta, natsitsa mndandanda wonse mpaka pansi. "Yabwino mulibemo. Ili ndi magiya angati?"

"Okwanira."

"Okwanira anayi kapena okwanira asanu?"

"Aa, inu mayi, kodi ndabwera kupolisi? Ingondipatsani ndodo."

"Ndodo imamangidwa pa giyabokosi, a Merv. Ndikakupatsani yolakwika mubwera nayo Lolemba mutakwiya. Muli ndi chithunzi?"

Merv anatulutsa foni monyadira. Narelle anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Iyi ndi bampala."

"Mwaona kuwala kwake? Ndapukuta ndekha masabata atatu."

"Ndiwonetseni m'kati."

"M'kati simunajambulike."

"Chabwino. Mapedulo alipo angati?"

"Atatu," anayankha msanga, chifuwa patsogolo. Apa sananame. Anali atamangiramo pedulo yachitatu pa sipuling'i ya geti lakale, kuti wosuzumira awerenge bwino.

"Ndiye ndi manyuwo, yosintha magiya ndi dzanja," anatero Narelle, nayamba kulemba. "Mukaponda yakumanzereyo chimachitika n'chiyani?"

"Imapita pansi."

"Kenako?"

"Imabwerera."

"Galimoto imatani?"

"Imangopitiriza zake. Siisokonezeka ndi tinthu tating'onoting'ono."

Narelle anaika cholembera pansi. "Kilachi yanu yafa."

"Siinafe ayi."

"Ikugwira ntchito?"

"Ikugwira ntchito imene ndinaipatsa."

"Simungayende pamsewu ndi kilachi yotero. Mupha munthu. Nanga pamaloboti mumaima bwanji?"

"Ndimaponda buleki, ngati Mkhristu aliyense."

"Osatulutsa giya? Injini siizima?"

"Injini yanga ili ndi ulemu."

"Injini imene siizima ili mu giya, galimoto itaima, kilachi itafa." Narelle analemba zonsezi, nawerenganso. "Ayi, izi sindinazimvepo. Dikirani ndiimbire a Noel Braddock. Zamagiyabokosi amazidziwa ndi iwo."

Noel Braddock ndi tcheyamani wa kalabu yathu, ndipo ndi amene amasunga epuloni ija. Ndinaona dzanja la Merv likugwera pa foni ya sitolo ngati pagwa moto. Ndinamumvera chisoni, koma pang'ono chabe, chifukwa munthu ameneyu anaveka epuloni ngakhale mlamu wake yemwe.

"Musavutitse anthu," anatero, mawu atatsika. Anayang'ana kukhomo, nayang'ana kudenga. "Tiyeni tinene chonchi. Pali mnzanga."

"Dzina?"

"Alibe."

"Mnzanu alibe dzina."

"Ali nalo koma saligwiritsa ntchito kawirikawiri. Mnzangayo ali ndi galimoto yonga yanga."

"Mtundu wanji?"

"Yobiriwira."

"Ngati yanuyi?"

"Penti tinagula limodzi. Tsono mnzangayo bondo lake silili bwino."

"Pepani. Apite kuchipatala, ife timagulitsa zida za magalimoto."

"Anapitako. Ndiye chifukwa cha bondolo, anaika giyabokosi ina yake. Ija yosavuta ija."

"Zonse n'zosavuta ngati kilachi ili bwino. Mnzanuyo kilachi yake ili bwino?"

"Iwalani za kilachi, chonde!"

"Ndiye ndikonze ziti, zanu kapena za mnzanu? Chifukwa yanu ndi imene ipha anthu."

"Za mnzanga. Zanga zisiyeni."

"Abwere yekha. Ndiyeze mkono wake, ndodo zimasiyana kutalika."

Merv anatambasula mkono wake pa kauntala. "Yezani uwu. Ndi chimodzimodzi."

"Mukudziwa bwanji?"

"Timabwerekana majekete."

Narelle anatenga tepi, nayeza kuchokera paphewa mpaka pachala, nalemba nambala. Pamwamba pa pepala analembapo kuti "Mnzawo". Sanaseke ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi n'zimene zinamutha Merv mphamvu.

"Tsopano giyabokosi ya mnzanu ndi yotani?"

Merv anawerama mpaka chipewa chinagunda kabokosi ka mababu. Milomo inagwedera koma sipanamveke kanthu.

"Sindinamve."

"Oto," ananong'ona.

"Oto chiyani?"

"Otomatiki."

"Otomatiki," Narelle anabwereza ndi mawu amene amaitanira makasitomala a panja. Merv anatsinzina. "Ndiye mnzanuyo akufuna ndodo ya otomatiki yooneka ngati ya manyuwo. Kamutu kolemba wani mpaka folo, chikopa chophimba pansi, batani lobisika kuseri kuti wosuzumira asaone."

Merv anatsegula maso. "Zoterozo zilipo?"

"Zimapangidwa ku Adelaide. Mukanangonena poyamba paja."

"Anthu amagula zimenezo?" Anaongoka, nkhope yakale ija itabwerera. "Chinyengo chenicheni. Anthu alibe manyazi masiku ano. Ndipatseni imodzi."

"Zatha."

"Zatha bwanji?"

"Zagulidwa. Zina zibwera pakatha masabata asanu ndi limodzi."

"Narelle, mayi anga, kwangotsala masiku atatu kuti lifike Lamlungu. Fufuzani kumbuyo. Mwina ina inagwera kuseri kwa bokosi."

"Sizigwa. Ndinaitanitsa khumi ndi zinayi, ndagulitsa khumi ndi zinayi. Yomaliza yapita dzulo."

"Kwa ndani? M'tauni muno ndani ali ndi magalimoto oterewa kupatula ife a kalabu?"

"Mayina sinditchula. Komanso sanali kugula zawo. Onse ankagulira anzawo odwala mawondo."

Merv anayamba kuwerenga ndi milomo. Ine ndinadzipanikiza kuseri kwa zigubu za mafuta, n'kuyamba kuwerenga mwachidwi zolemba za pa chigubu chimodzi, poti bondo langanso lili ndi mbiri yake.

"Kalabu yathu tilimo khumi ndi asanu," anatero Merv pang'onopang'ono.

Narelle anachotsera khumi ndi zinayi pa khumi ndi zisanu papepala, najambula mzere pansi pa yankho.

"Ndiye mukamuuze mnzanuyo kuti Lamlungu otomatiki yooneka ikhala yake yokha."